Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Zachitetezo cha M'dziko Yokhudza Viza ya Alendo Odzaona Malawi

Olemekezeka a Nduna,

Kalata ino ikukamba za malamulo amene munthu wakunja amayenera kukwaniritsa kuti alowe m'dziko la Malawi ngati mlendo wodzaona malo, makamaka lamulo la viza, limene lakhala likusinthasintha m'zaka khumi zapitazi boma lisanaonetse poyera ziwerengero zosonyeza chimene kusintha kulikonse kunapindulira dziko kapena kulitayitsa. Mfundo imene kalatayi yaimapo ndi yakuti viza ya mlendo wodzaona malo ndi nkhani ya malonda isanakhale nkhani ya ulemu wa dziko, ndipo dziko limene ndalama zakunja zimalisowa mpaka magalimoto kugona pamizere ya mafuta liyenera kuyeza lamulo lililonse la pachipata poona ngati likukokera alendo ndi ndalama zawo kuno kapena likuwakankhira kwa anansi.

Pali zinthu zitatu zimene anthu amazisokoneza kawirikawiri pankhaniyi. Pasipoti ndi chiphaso chimene munthu amalandira ku boma la kwawo, chotsimikizira kuti iye ndi nzika ya dzikolo. Viza ndi chilolezo chimene dziko lochezeredwa limapereka, nthawi zambiri munthu atalipira, kuti afike pachipata ndi kupempha kulowa, ndipo imakhala yolowera kamodzi kapena yolowera kangapo. Chachitatu ndi chilolezo cha mlendo, chomwe ndi chidindo chimene ofesala wa nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko amadinda m'pasipoti pachipata penipenipo, n'kulembapo masiku amene mlendoyo waloledwa kukhala. Kusiyana kumeneku n'kofunika chifukwa kuchotsa viza sikumulanda mphamvu ofesala wa pachipata, amene amakhalabe ndi ufulu wofunsa mafunso, woona ngati pasipoti yatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kuti ithe ntchito, woitanitsa tikiti yobwererera, ndiponso wobweza munthu aliyense amene lamulo la Immigration Act likumuletsa kulowa.

Kwa zaka zambiri nzika za mayiko monga Britain, America ndi Germany zinkalowa m'Malawi popanda viza. Pa 1 Okutobala 2015 boma linayamba kulipiritsa viza nzika za mayiko amene nawonso amafuna viza kwa Amalawi, ndipo viza yolowera kamodzi inali pa mtengo wa madola 75 a ku America. M'chaka cha 2019 kunakhazikitsidwa njira yofunsira viza pa intaneti. Mu Febuluwale 2024 nduna ya nthawi imeneyo, a Ken Zikhale Ng'oma, inatulutsa m'Gazeti ya boma lamulo lochotsa viza kwa nzika za mayiko 79, kuphatikizapo Britain, America, Germany, France, China, Canada ndi Australia, pa nthawi imene boma linkalalikira kuti ulimi, ntchito zokopa alendo ndi migodi ndiyo mizati ya chuma cha mtsogolo. Zaka ziwiri zisanakwane, kumapeto kwa 2025, boma linalengeza pofotokoza ndondomeko ya zachuma ya pakati pa chaka kuti viza ibwerera pa mfundo yobwezerana. Motero mlendo wa ku Britain amene wakhala akubwera kunyanja kuyambira 2014 walowapo kwaulere, walipirapo, walowanso kwaulere, kenako wauzidwa kuti alipirenso.

Mfundo yobwezerana imatanthauza kuti dziko limachitira nzika za dziko lina zomwezo zimene dzikolo limachitira nzika zake, ndipo Mmalawi aliyense amene anafunsirapo viza ya ku Ulaya kapena ku America sangavutike kumvetsa chimene chimaikometsa mfundoyi m'khutu. Wofuna kupita ku mayiko a mgwirizano wa Schengen amalipira mayuro 90 kuyambira mu Juni 2024, amasonkhanitsa makalata a kubanki ndi a kuntchito, ndipo akakanizidwa ndalama zake sizibwerera. Kuyambira pa 20 Ogasiti 2025 dziko la America linasankha Malawi ndi Zambia kukhala mayiko oyamba amene nzika zawo zofunsira viza yokacheza kapena yokachita malonda zinkatha kuuzidwa kupereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000, ndalama zimene mphunzitsi wa kupulayimale sangazifike ngakhale atasunga malipiro ake onse a chaka chathunthu osagula ngakhale mchere. Kuwawidwa mtima ndi zimenezi n'koyenera, ndipo unduna woona za ubale wa Malawi ndi mayiko ena uli ndi udindo wozidandaula kwa akazembe a mayikowo mosapsatira mawu.

Chofunika kufunsa ndi chakuti viza ikabwezeretsedwa, ululu wake umagwera ndani. Boma la America kapena la Britain limakhwimitsa malamulo ake poopa kuti ena mwa ocheza sadzabwerera kwawo, ndipo mantha amenewo sangathe chifukwa choti nzika zake zayamba kulipira pabwalo la ndege la Kamuzu. Munthu wa dziko lolemera amene wamva kuti ku Malawi kwabwera viza sapita kwa phungu wa kwawo kukapempha kuti Amalawi afewetseredwe malamulo. Amangosankha dziko lina pa mayiko ambirimbiri amene ali ndi dzuwa, njovu ndi gombe la mchenga. Zili ngati mayi wogulitsa tomato amene, atakwiya kuti pasitolo yaikulu ya m'tauni anamuchita chipikisheni pakhomo, waganiza zoti aliyense wochokera m'taunimo azilipira kaye asanayang'ane tomato wake, pamene mnzake wa benchi loyandikana akuitanira ogula ndi kuwaikira basela.

Anansi oitanira ogulawo alipodi. Kumapeto kwa 2022 dziko la Zambia linachotsa viza kwa nzika za Britain, America, Canada, Australia, China ndi mayiko a mgwirizano wa European Union, ndipo mu 2023 Mozambique inachitanso chimodzimodzi kwa mayiko pafupifupi 30. Rwanda inayamba kupereka viza pachipata kwa nzika za mayiko onse kuyambira mu Januwale 2018. N'zoona kuti Tanzania imalipiritsabe madola 50, ndi madola 100 kwa nzika za America, ndiponso kuti Namibia inayamba kutsatira mfundo yobwezerana pa 1 Epulo 2025, koma mayiko awiriwa ali ndi mphamvu zimene Malawi alibe. Munthu amene wakhala akulota za Serengeti, phiri la Kilimanjaro kapena Zanzibar sabwerera m'mbuyo chifukwa cha madola 50, ndipo ku Windhoek kumatera ndege zochokera ku Frankfurt mwachindunji. Kuno kulibe ndege yochokera ku Ulaya mwachindunji, kotero mlendo amasintha ndege ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, atalipira kale tikiti yokwera mtengo, ndipo kwa alendo ambiri Malawi ndi dziko loonjezera paulendo umene cholinga chake chachikulu chili kwina. Dziko loonjezera ndilo limayamba kufufutidwa pamene wokonza ulendo akuchepetsa mtengo.

Chitsanzo chooneka ndi maso ndi malole aakulu onyamula alendo amene amayenda pamsewu kuchokera ku Nairobi kupita ku Victoria Falls kapena ku Cape Town. Lole yotere ikachoka ku Mbeya imalowa m'Malawi pachipata cha Songwe, n'kutsika ndi nyanja kudzera ku Karonga, kugona ku Chitimba m'munsi mwa Livingstonia, kudutsa ku Mzuzu kukagula zakudya pamsika, kugonanso masiku awiri kapena atatu cha ku Kande, kenako n'kutulukira ku Mchinji kulowera ku Chipata. Alendo ake si olemera. Ambiri ndi achinyamata ogona m'matenti, owerengera dola iliyonse, koma ndiwo amagula mipando yosema ndi ziboliboli kwa amisiri a m'mphepete mwa msewu, amalipira anyamata owalondolera kukaona mathithi a Manchewe, amachapitsa zovala kwa amayi a m'mudzi, ndipo amadya nsima ya chambo kapena kampango m'malo odyera ang'onoang'ono. Kuchokera ku Mbeya komweko kuli msewu wina wa phula wodzera ku Tunduma ndi ku Nakonde, wolowera m'Zambia osaponda Malawi, ndipo kampani yokonza maulendo ikaona kuti anthu makumi awiri alipira viza aliyense chifukwa cha masiku anayi okha, siyifunika kulemba kalata yodandaula, imangosintha njira m'kabuku ka maulendo a chaka chamawa.

Olimbikitsa viza ali ndi mfundo imodzi yolimba imene siyenera kupeputsidwa, yakuti ndalama za viza zimalowa m'thumba la boma mwachindunji ndiponso m'ndalama zakunja, pamene zimene mlendo amawononga akalowa zimamwazika ndipo zina sizifika n'komwe kubanki. Komabe masamu ake ndi osavuta. Pa mtengo wa 2015, banja la anthu anayi linkalipira madola 300 lisanamwe ngakhale madzi a m'dziko muno, ndipo ngati, mwachitsanzo, mlendo mmodzi akanawononga madola 1,000 pa malo ogona, chakudya, zoyendera ndi ndalama zolowera kumalo osungirako nyama, ndiye kuti mlendo mmodzi yekha wobwerera m'mbuyo amafafaniza phindu la maviza oposa 13. Ndalama za mlendo wolowayo boma limazipezabe kudzera mu msonkho wa VAT, msonkho wa malipiro a ogwira ntchito m'mahotela ndi msonkho wa pamafuta, ndipo zotsalazo zimafika kwa woyendetsa boti la ku Chembe amene amatengera alendo kuchilumba cha Thumbi kukaona mbuna, ndi kwa wonyamula katundu wa ku Likhubula amene amakwera ndi alendo mpaka ku Sapitwa, pamtunda wa mamita 3,002. Vuto la ndalama zakunja zolowera kumsika wamseri, kapena zolipiridwa ku akaunti za kunja ulendo usanayambe, ndi lenileni, koma mankhwala ake ali m'manja mwa Reserve Bank of Malawi ndi unduna wa zachuma, pakuti viza siyiletsa munthu kusinthitsa madola pamsewu.

Dziko lino lagwira ntchito yaikulu kuti likhale ndi chogulitsa, ndipo n'zachisoni kuti chipata chiziononga zimene nkhalango ndi nyanja zakonza. Malo osungirako zachilengedwe a Lake Malawi National Park ali pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika kwa anthu a dziko lonse kuyambira 1984, zojambula za pamiyala za ku Chongoni kuyambira 2006, ndipo phiri la Mulanje linalowa pa mndandandawo mu 2025. Nkhalango ya Majete, imene nyama zake zinatsala pang'ono kutheratu, yadzazanso chiyambire kuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mu 2003, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota. Malo amenewa amadalira ndalama za alendo kuti alipire alonda ndi kukonza mipanda yoteteza minda ya anthu oyandikana nawo.

Ena amati viza imateteza dziko kwa anthu a zolinga zoipa, koma mavuto aakulu a m'malire a Malawi sadzera pamzere wa alendo odzaona malo. Mu Okutobala 2022 m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba munapezeka manda a anthu oposa 25 amene ankaganiziridwa kuti anali nzika za Ethiopia zozembetsedwa kulowera kumwera, ndipo anthu otere amadutsitsidwa m'njira zamseri kumene kulibe chidindo kapena kompyuta. Chitetezo chenicheni chimachokera ku makina owerenga mapasipoti pachipata chilichonse, ku mndandanda wa anthu ofunidwa ndi apolisi umene ukuonjezeredwa nthawi zonse, ku maina a okwera ndege otumizidwa ndi makampani a ndege ndegeyo isanatere, ndi ku maofesala olipidwa bwino okhala ndi galimoto ndi mafuta oyendera m'malire. Zonsezi zimagwira ntchito mofanana kaya mlendo walipira viza kapena ayi.

Ngakhale boma litatsimikiza kuti viza ikhalepo, pali chinthu china chimene chimaononga kuposa mtengo wake, ndicho kusintha lamulo modzidzimutsa. Makampani a ku Ulaya ndi ku America okonza maulendo amagwirizana mitengo ndi eni mahotela chaka chathunthu ulendo usanachitike, pa zionetsero monga ITB Berlin ya mu Malichi, Africa's Travel Indaba ya ku Durban ya mu Meyi, ndi World Travel Market ya ku London ya mu Novembala, ndipo alendo obwera m'nyengo yopanda mvula, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, amakhala atalipira miyezi yambiri m'mbuyo. Palinso Timatic, nkhokwe ya pakompyuta ya bungwe la makampani a ndege la IATA, imene wogwira ntchito pabwalo la ndege ku London kapena ku Addis Ababa amayang'ana asanalole munthu kukwera. Kampani ya ndege ikatengera munthu kudziko limene lamukana imalipitsidwa chindapusa ndipo imamubweza ndi ndalama zake, choncho wogwira ntchitoyo akaona kuti zimene zalembedwa mu Timatic zikusiyana ndi zimene mlendo wawerenga pa tsamba la boma, kapena kuti sizikumveka ngati viza ingatengedwe pofika, amasankha kumusiya. Lamulo lolengezedwa ku Nyumba ya Malamulo lero, lotuluka m'Gazeti patapita milungu, n'kufika ku akazembe, ku Timatic ndi ku zipata za kumalire pa masiku osiyanasiyana, limabala nyengo imene palibe amene akudziwa choona, ndipo nyengo imeneyo ndiyo imasimbidwa pa intaneti kwa zaka. Kalatayi ikupempha kuti kusintha kulikonse kwa lamulo la viza kuzilengezedwa miyezi isanu ndi umodzi tsiku loyambira lisanafike, ndipo mndandanda wa mayiko, mitengo ndi njira zolipirira zizituluka pa tsamba limodzi la boma limene ena onse azitengerapo.

Kuti mbiri ya pachipata imakhalitsa, dziko lino lili ndi umboni wakewake. Lamulo la kavalidwe la Decency in Dress Act la 1973, limene linkaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, pamodzi ndi lamulo loletsa amuna kusunga tsitsi lalitali, linachititsa kuti alendo ena azimetedwa kapena kuvekedwa chitenje pofika, ndipo ngakhale malamulowo anatha pamene dziko linkalowa mu ulamuliro wa zipani zambiri, zaka zoposa makumi atatu zapitazo, nkhani zake zikusimbidwabe pakati pa oyenda maulendo.

Nkhani ya viza yolowera kamodzi ikufunika kuiganizira payokha, chifukwa siyigwirizana ndi mmene alendo amayendera m'chigawo chino. Malo osungirako nyama a South Luangwa ku Zambia ali pafupi ndi Lilongwe kuposa ndi Lusaka, kotero alendo ambiri amatera pabwalo la ndege la Kamuzu, n'kupita ku Mfuwe kudzera ku Mchinji ndi ku Chipata, kenako n'kubwerera kudzapumula kunyanja asanakwere ndege yopita kwawo. Viza yolowera kamodzi imatha ntchito pamene munthuyo watuluka pa Mchinji, ndipo pobwerera amafunika ina, zimene zikutanthauza kuti mlendo amene wasankha kubweretsanso ndalama zake ku Senga Bay kapena ku Mangochi ndiye amene amalipitsidwa kawiri. N'chimodzimodzi ndi amene ali pachilumba cha Likoma n'kufuna kuwolokera ku Cobué ku Mozambique kwa tsiku limodzi kapena awiri. Chipata cha Mchinji ndi Mwami chinasandutsidwa cha malo amodzi mu Disembala 2022, kutanthauza kuti maofesala a mayiko awiri amagwirira ntchito pamodzi kuti woyenda aime kamodzi kokha, ndipo Malawi ndi Zambia anasainirana mu 2015 pangano losamalira limodzi malo a zachilengedwe a m'malire monga Nyika ndi Kasungu; n'zosamveka kumanga nyumba zofulumizitsa ulendo kwinaku chiphaso chikuuchedwetsa. Zambia ndi Zimbabwe ali ndi viza imodzi ya madola 50 yotchedwa KAZA Univisa, yolola mlendo kuwoloka pakati pa mayiko awiriwo kangapo, ndipo Kenya, Rwanda ndi Uganda ali ndi yawo ya madola 100 ya masiku 90. Pamene zokambirana za viza yotere zikudikiridwa, a Nduna ali ndi mphamvu yolamula kuti viza iliyonse ya mlendo wodzaona malo ikhale yolowera kangapo pa mtengo womwewo.

Njira yofunsira viza pa intaneti ndi yabwino ikamagwira ntchito, koma kusamutsira mzere kuchoka pachipata kupita pakompyuta sikuthetsa mzerewo ngati tsamba likukana makadi a kubanki a kunja, ngati likufuna kalata yoitanira kwa munthu amene akungodzaona nyanja ndipo alibe womudziwa, kapena ngati yankho likubwera tsiku la ulendo litadutsa. Dziko la Kenya linaphunzira zimenezi mu Januwale 2024, pamene linalengeza kuti lathetsa viza koma n'kulamula kuti pafupifupi aliyense, ngakhale amene kale ankalowa kwaulere, azifunsira chilolezo cha pa intaneti cha madola pafupifupi 30 masiku angapo asananyamuke, ndipo patangotha chaka nduna za boma zinagwirizana zochotsa lamulolo kwa nzika za mayiko ambiri a mu Africa. Kunonso, m'mwezi womwewo wa Febuluwale 2024 umene viza inachotsedwa, mtsogoleri wa dziko wa nthawi imeneyo anauza Nyumba ya Malamulo kuti makompyuta osindikizira mapasipoti analowereredwa ndi akuba a pa intaneti, ndipo ntchitoyo inaima kwa milungu ingapo. Chifukwa cha zimenezi mwayi wotengera viza pachipata uyenera kukhalapo nthawi zonse, pabwalo la ndege ndi pazipata za pamtunda monga Songwe, Mchinji, Dedza, Mwanza, Muloza ndi Chiponde, ndipo pachipata chilichonse pakhale makina olipirira pa khadi, chikwangwani cha mitengo choonekera kwa aliyense, ndi lisiti la boma pa ndalama iliyonse. Kulipira ndi ndalama za pamanja kumabweretsa mikangano ya dola yong'ambika kapena yakale ndi ya chenji chosowa, ndipo kumaika ofesala wokhulupirika pamalo oti azikayikiridwa popanda chifukwa.

Lamulo la katemera wa yellow fever likufunikanso kufotokozedwa momveka. Matendawa amafalitsidwa ndi udzudzu m'madera ena otentha a mu Africa ndi ku South America, ndipo Malawi sali m'gulu la mayiko amene matendawa amafalikira, n'chifukwa chake boma limaitanitsa khadi lachikasu la katemera kwa ochokera ku mayiko amene bungwe la zaumoyo la WHO linawaika m'gululo. Cholinga chake ndi chabwino, koma chisokonezo chimabwera chifukwa Ethiopia ndi Kenya, kumene alendo ambiri amasinthira ndege, ali m'gulu lomwelo. Kachitidwe kamene mayiko ambiri amatsatira ndi kakuti wongodutsa pabwalo la ndege kwa maola osapitirira 12 safunsidwa khadi, ndipo kuyambira pa 11 Julayi 2016 malamulo a zaumoyo a dziko lonse amati katemera mmodzi ndi wa moyo wonse, kotero khadi lakale silitha ntchito pakapita zaka khumi monga zinalili kale. Katemerayu amayamba kuwerengedwa patatha masiku 10 chibayireni, choncho mlendo amene wamva za lamuloli atafika kale pabwalo la ndege palibe chimene angachite. Unduna uno pamodzi ndi unduna wa zaumoyo uyenera kulemba mfundo zimenezi pa tsamba lomwelo la viza ndi kuphunzitsa ogwira ntchito pazipata zonse kuti azinena chinthu chimodzi.

Chidindo cha pachipata nthawi zambiri chimapereka masiku 30, ndipo wofuna kukhalitsa amapita ku ofesi ya nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko kukaonjezera mpaka masiku 90. Mlendo amene wakonda dziko mpaka kufuna kukhala miyezi iwiri ndiye wofunika kwambiri pa malonda onse okopa alendo, ndipo kumuchotsa kunyanja kapena ku Nyika kuti akathere tsiku pabenchi la ofesi n'kutaya mwayi, pamene masiku 90 akanatha kulembedwa pa tsiku lolowera. Ambiri mwa okhalitsawa si alendo enieni ayi. Ndi ana ndi zidzukulu za Amalawi okhala ku Britain, ku Ireland kapena ku America, obadwira komweko ndi kutenga mapasipoti a kumeneko, amene amabwera kudzaona agogo, kudzakhala nawo pa ukwati kapena pa mwambo womanga chiliza. Nyumba ya Malamulo inavomereza unzika wa mayiko awiri kumapeto kwa 2018, koma si onse amene anakwanitsa kutenga zikalata zake, ndipo mfundo yobwezerana ikagwiritsidwa ntchito mosayang'ana nkhope imalipiritsa mabanja omwewo amene amatumiza ndalama zakunja kumudzi mwezi ndi mwezi. Mwana amene kholo lake lili ndi pasipoti ya Malawi sayenera kufunsidwa viza.

Pempho lotsiriza ndi la ziwerengero. Mlendo aliyense wolowa amadindiridwa ndi kulembedwa, kotero nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko ili ndi chiwerengero cha olowa kuchokera ku dziko lililonse, pachipata chilichonse, mwezi uliwonse, ndipo thumba la boma lili ndi mbiri ya ndalama zimene viza inasonkhetsa kuyambira 2015. Miyezi ya pakati pa Febuluwale 2024 ndi kumapeto kwa 2025 ikhoza kuyerekezedwa ndi zaka za m'mbuyo mwake, poganiziranso mmene mliri wa Covid-19 unagwetsera maulendo, kuti zioneke ngati alendo ochokera ku mayiko 79 aja anachuluka, anachuluka ndi angati, ndiponso anakhala masiku angati. Kalatayi ikupempha a Nduna kuti, mogwirizana ndi unduna woona zokopa alendo ndi ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba, apereke ziwerengero zimenezi ku komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za malonda ndi zokopa alendo bajeti yotsatira isanakambidwe, ndipo eni malo ogona alendo, makampani a ndege ndi oyendetsa malo osungirako nyama aitanidwe kudzapereka umboni wawo pamsonkhano womwewo.

Mwaulemu waukulu,

Nzika yotsatira nkhani za ntchito zokopa alendo